Chala pa Batani: Sabata Yanga Yodula Zotukwana pa Wailesi

Pa kalata yanga ya ntchito analemba kuti ndine mkonzi wa mapulogalamu a Chinyanja. Zoona zake n'zakuti theka la nthawi yanga limathera pa kumvetsera anthu akutukwana, n'kuonetsetsa kuti zimene ndamva ine zisafike kwa inu. Wailesi yathu ndi yaing'ono, ya eni ake osati ya boma, ili mu Lusaka momwemuno, ndipo ilibe ndalama zolembera munthu wapadera woyang'anira kalankhulidwe. Ntchitoyi inagwera ine chifukwa ndine wamkulu pa anzanga onse a m'chipinda cholembera nkhani, ndinakulira ku Katete, ndipo abwana amakhulupirira kuti mzimayi wa kumudzi amamva fungo la mwano usanatuluke n'komwe pakamwa. Pamenepo sanalakwitse kwenikweni.

Lolemba ndi tsiku la nyimbo zatsopano. Zimabwera pa WhatsApp, pa imelo, zina pa fulashi m'thumba la mwini wake amene wakhala pa geti kuyambira m'mamawa. Kale, kuli wailesi ya boma ya ZNBC yokha, woimba ankadziwa kuti khomo ndi limodzi, ndiye ankadzisamala yekha. Chitsegulireni mawailesi a eni ake, kuyambira Radio Christian Voice mu 1994 ndi Radio Phoenix mu 1996, makomo achuluka. Lero mnyamata wa ku Chawama amene ali ndi laputopu ndi maikolofoni m'kachipinda kotchinga ndi matiresi angathe kujambula usiku, kukamacha nyimbo ili kale pa TikTok. Pofika kwa ine imakhala itazungulira kale m'mabasi onse a ku Kulima Tower. Ndimavala mahedifoni n'kumvetsera mzere ndi mzere, chifukwa anyamatawa amasakaniza Chinyanja cha m'tauni, Chibemba, Chingelezi ndi timawu tawotawo tobadwa mwezi uno n'kufa mwezi wamawa. Ntchito yake ili ngati kusankha timiyala mu mpunga: ukangopupuluma, wina aluma mwala pa mphasa.

Liwu loipa ndikalipeza, nditha kulifafaniza n'kusiya ng'oma zikulira, kapena kulitembenuza pa kompyuta kuti limveke chammbuyo. Palinso kaphokoso kaja kakuti "piii", kamene ndimadana nako ndi mtima wanga wonse. Kamaloza chala pamalo enieni pamene pali nkhani, ndipo mwana wa giredi 4 amadzaza yekha mpatawo, mokweza, ali pamiyendo pa amayi ake m'basi. Chimene ndimakonda ndi kubweza nyimbo kwa mwini wake kuti akaimbenso mzerewo.

Sabata ino kunabwera mnyamata wa ku Kanyama, waulemu zedi. Anavula kapu polowa, fulashi anapereka ndi manja awiri. Nyimbo yake inali yokoma, yodandaula za kusowa kwa ntchito, koma vesi iliyonse inali ndi liwu la Chingelezi lija lokhudza mayi wa munthu, limene oimba rap a ku America amangolimwaza paliponse.

"Ba anti, kumeneko si kutukwana," anatero. "Ndi sitayilo chabe."

"Chabwino, mwana wanga. Tandiuza tanthauzo lake m'Chinyanja, mokweza, ndilembe apa."

Anaseka, anayang'ana pansi, anakanda m'mutu. "Aaa, ba anti, zimenezo sizingatheke."

Liwu lachilendo silimuwotcha lilime chifukwa sanalandirepo mbama chifukwa cha ilo ali mwana. Ku America komweko makampani a nyimbo anayamba kumata chizindikiro chochenjeza makolo pambuyo pa mkangano waukulu wa mu 1985, ndipo lero anyamata athu amaika chizindikiro chomwecho pa zithunzi za nyimbo zawo kuti aoneke otsogola, ngakhale nyimboyo ikhale yoti mutha kuimba pa sukulu ya Sande. Mnyamata uja anatenga fulashi yake, nalonjeza kuti abweranso.

Nyimbo zondipatsa ntchito yeniyeni ndi zija zopanda liwu loipa ngakhale limodzi. Woimba akukamba za munsi ndi mtondo, za kiyi amene wakana loko, za munda wa eni umene walimidwa usiku, ndipo aliyense wotha msinkhu akudziwa kuti nkhaniyo si ya ulimi. Zoterezi kawirikawiri ndimazilola, ndipo anzanga opemphera kwambiri amandiyang'ana nazo m'mbali. Koma ine ndinakula ndikumva amayi akusinja, akuimba za mwamuna waulesi, za mkazi mnzawo wa pamitala, za apongozi aumbombo, ndipo zina mwa nyimbo za pamtondozo ndinadzazimvetsa nditakwatiwa kale. Mwana ankamva za chimanga, wamkulu ankamva zake. Kuphiphiritsa kotere ndi luso, ndipo woimba amene watuluka nako thukuta wandilemekeza ine pamodzi ndi ana anga. Amene ndimamubweza ndi wophiphiritsa mwaulesi, uja wongosintha chilembo chimodzi pa liwu lolaula n'kumaganiza kuti ndine gonthi.

Lachiwiri m'mawa ndimakhala kuseri kwa galasi pa pulogalamu ya mafoni. Mutu unali magetsi ndi mtengo wa ufa, ndiye mukudziwa kale mmene mitima inalili. Chiyambire chilala cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, nkhani ya magetsi sifuna kuitanira anthu. Ukangoitchula, mafoni onse ayaka.

Chida chathu pamenepo ndi delay. Zimene zikulankhulidwa mu situdiyo zimafika kwa omvera patapita masekondi 7. Woimba foni akataya liwu, ndimadina batani, masekondi amenewo amatayidwa, ndipo womvera amangoona ngati wailesi yadumpha pang'ono. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti ukadina, makinawo amafuna kanthawi kuti asonkhanitsenso masekondi aja. Pa kanthawi kameneko timakhala pambalambanda. Kutukwana koyamba sikoopsa, koopsa ndi kwachiwiri kobwera pamwamba pake, ndiye ndikadina ndimadulanso foniyo nthawi yomweyo, osamvera chisoni.

Komabe batani ndi chida chomaliza. Choyamba ndi khutu. Munthu wofuna kutukwana amachenjeza yekha asanafike. Amayamba bwinobwino, "Mwauka bwanji, ndikuimba kuchokera ku Matero." Kenaka mpweya umafupika, amasiya kuyankha funso limene wafunsidwa, ndiyeno amachoka pa "inu" n'kugwera pa "iwe". Nduna imene poyamba inali "iwo" yasanduka "ameneyu". Zikafika apo, chala changa chili kale pa batani.

Anaimba bambo wina wowotcherera zitsulo ku Kalingalinga. Anafotokoza kuti amagona pa shopu kudikira magetsi a pakati pa usiku, makasitomala akumulonda pa mageti amene analipira kale, ana abwezedwa kusukulu. Ndinamva mawu akukwera, ndinamva "iwe" woyamba. Muulutsi wathu, amene wakhala pa maikolofoni zaka zambiri, sanamudule. Anangoti, "Atate, pepani ndithu. Tatiuzani, mageti amene akudikira ndi angati, ndipo limodzi limatenga maola angati magetsi akakhalapo?" Bamboyo anaima kaye, nayamba kuwerenga. Munthu amene akuwerenga satukwana. Anamaliza nkhani yake yonse, inamveka bwino kuposa ya wina aliyense tsiku limenelo, ndipo ine sindinadine kanthu. Wotsatira wake ndiye sanapereke n'komwe moni, anangoyambira pa makolo a anthu, ndipo ameneyo omvera sanamumve.

Ena tikawadula amaimbanso pa nambala ya ofesi kudzatikumbutsa kuti masiku ano kuli ufulu. Amanena za gawo 69 la Penal Code (buku la malamulo a milandu), lija loletsa kunyoza pulezidenti, limene linachotsedwa mu Disembala 2022 pamodzi ndi chilango cha imfa. N'zoona linapita. Koma gawo 179 likadalipo, ndipo limati kulankhula mawu achipongwe oputa mnzako mpaka ndewu ndi mlandu wa miyezi 3 m'ndende kapena faindi. Kuwonjezera apo, woimba foni akatukwana amazimitsa foni yake n'kupita kukamwa tiyi, pamene laisensi ndi yathu. Bungwe loyang'anira mawailesi ndi ma TV la IBA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2002 koma linayamba kugwira ntchito mu 2013, ndilo limapereka ndi kulanda. Mu Ogasiti 2016 linaimitsa Muvi TV, Komboni Radio ndi Radio Itezhi Tezhi. Nkhani yake inali ya ndale za nthawi ya chisankho, osati zolaula, koma eni mawailesi onse anaonerapo kuti chitseko chitha kutsekedwa tsiku limodzi. Abwana anga amakumbukira mwezi umenewo kuposa tsiku la ukwati wawo.

Musaganize kuti mu situdiyo muli angelo. Nyale yofiira ikangozima, pakamwa pa anthu omwe aja aulemu pamatuluka zinthu zoti agogo atamva angakomoke, makamaka jenereta ikakana kulira kutatsala mphindi ziwiri kuti nkhani ziyambe. Mnyamata wathu wa pamakina ali ndi chodzitetezera chake. Amati akatswiri a pa Keele University ku England anapeza mu 2009 kuti anthu otukwana amapirira nthawi yaitali dzanja lili m'madzi ozizira kwambiri kuposa onena mawu wamba. Kafukufukuyo alipodi. Ine ndimangomuyankha kuti dzanja lake silili m'madzi.

Tsiku limene lakhala likundizungulira m'mutu ndi Lachitatu. Masana timakhala ndi pulogalamu ya zaumoyo, ndipo mlendo anali namwino wa pa kiliniki ina ya m'komboni. Nkhani inali khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Zambia kuposa khansa ina iliyonse, ndi katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, amene atsikana anayamba kulandira dziko lonse mu 2019. Tisanalowe, namwinoyo anandikokera pambali.

"Amayi, mundiuziretu. Ndi mawu ati amene ndingatchule, ndi ati amene mundidula?"

Funso limeneli lilibe yankho labwino. Mayina enieni a ziwalo m'chilankhulo chathu ndi omwewo amene anthu amagendana nawo pa mpopi madzi akavuta. Dokotala wolankhula Chingelezi amatchula chiwalo osaphethira, koma dzina lomwelo m'Chichewa ndi mlandu wa kwa amfumu, wolipira nkhuku kapena mbuzi. Ndiye timatsala ndi "kumaso", "kunsi", "njira ya amayi", "malo obisika". Tinagwirizana zimenezo n'kulowa.

Chapakati pa pulogalamu anaimba mayi wina wa ku Mtendere. Mawu ake anali otsika, ndikhulupirira anadzitsekera kuchipinda.

"Anamwino, ine ndili ndi vuto."

"Vuto lake lili pati, amayi?"

"Kumeneko."

"Mukumva kuwawa, kapena pali chimene mukuona?"

"Zomwe zija."

Anazungulirana choncho, nthawi ikutha, mayunitsi a mayiyo akuthanso. Mayi wamkulu, wobereka ana, analibe liwu ngakhale limodzi lonenera chimene chikumudya. Amene amawadziwa ndi otukwana, ndipo sangawanene kwa munthu amene akumulemekeza. Otsalawo ndi ophimbika kwambiri moti sanena kanthu. Potsiriza namwino anasiya kuzungulira. "Amayi, mukakhala malo amodzi ndi abambo, mukuona magazi?" Anati eya. "Kuyambira liti?" Anati chaka chatha. Namwino anamuuza kuti mawa lomwe apite ku kiliniki akapimidwe, ndipo pofotokoza pamene akamupime, kuti mayiyo asakaope kapena kukana akakafika, anatchula liwu limodzi limene silinali pa mgwirizano wathu. Chala changa chinali pa batani. Masekondi 7 aja ndinawamva onse akudutsa, ndipo sindinadine. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayiyu anali atatsekula, ndipo sindinaone chifukwa choti ine ndimutsekere.

Madzulo foni ya ofesi inalira. Anali mkulu wa mpingo wina, wolankhula modekha koma wopsa mtima kwambiri. Anati anali pa nsima ndi mpongozi wake wamkazi pamodzi ndi adzukulu, wailesi ili pa windo. Anandikumbutsa kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu kuyambira pamene a Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991. Anzanga achinyamata akamva mafoni otere amatembenuza maso, koma ine bamboyu ndinamumvetsa. Kwathu pali zinthu zimene munthu ndi apongozi ake sayenera kumvera pamodzi, ndipo zikamveka onse awiri amavutika kunamizira kuti sanamve. Wailesi yakhala ikulowa m'nyumba za anthu osaodira kuyambira nthawi ya kawailesi kaja ka Saucepan Special mu 1949, pamene Central African Broadcasting Station inkaulutsa kuchokera mu Lusaka muno mpaka ku Nyasaland. Sidziwa amene wakhala pa mphasa. Ndinawapepesa chifukwa cha manyazi amene anaona, koma pa liwulo sindinapepese. Tinamvana kuti kuyambira sabata yamawa pulogalamuyi iziyamba ndi chenjezo lakuti lero tikamba za thupi la amayi mosabisa, amene muli ndi ana kapena apongozi pafupi mudziwe chochita.

Chimene bamboyo sanadandaule nacho, ndipo abwana sadandaula nachonso, ndi kutsatsa malonda kumene kunabwera pulogalamu itangotha: mankhwala azitsamba obwezera abambo mphamvu, ofotokozedwa mwatsatanetsatane nthawi ya nkhomaliro. Amenewo amalipira mwezi usanathe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Lachinayi ndinatuluka ndi kachojambulira kukafunsa anthu za mitengo ya mabasi. Ku Kulima Tower simungajambule mphindi imodzi yoyera. Ukufunsa mayi wa ulemu wake, kumbuyo ngwangwazi, woitanira anthu m'mabasi uja, ikutsanulira kondakitala zonse za kumtundu kwake chifukwa cha K2, ndipo kondakitalayo akuyankha akuseka. Pokonza ndimachita kudula pakati pa mpweya wa munthu, kapena kutaya yankho labwino chifukwa cha munthu amene sindinamuone n'komwe.

Ku Soweto Market ndiye ndinajambula chinthu chokoma chimene sindinathe kuchigwiritsa ntchito. Mayi wogulitsa kapenta, Mbemba, atamva kalankhulidwe kanga anafuula kuti abwera odya mbewa, bisani ndiwo. Mnzake wa pa tebulo loyandikana, wa ku Chipata, anamubwezera kuti inu odya anyani, bwezani kaye chenji ya kasitomala musanayambe kulankhula. Zinapitirira mpaka pa maonekedwe a amuna a mitundu yonse iwiri, msika wonse uli m'manja. Chimenechi ndi chimbuya, chibale chonyozana cha Abemba ndi anthu a kum'mawa, chimene akuluakulu amati chinabadwa nkhondo za Angoni ndi Abemba za m'zaka za m'ma 1800 zitatha. Atonga ndi Alozi ali nacho chawo. Pa maliro a wa kum'mawa, Abemba ndi amene amagwira ntchito, amapaka anamfedwa ufa kumaso, amatolera ndalama, amanyoza ngakhale malemu, ndipo palibe amene amakwiya. Munthu wosadziwa ataima patali angaitane apolisi.

Koma tangoganizani mawu omwewo akutuluka pa wailesi, opanda kuseka kwa msika, opanda nkhope za amayi awiri amene amasungirana tebulo wina akapita kukayamwitsa. Wina awajambula, aika masekondi 20 pa Facebook, nalemba pamwamba kuti imvani wailesi iyi ikunyoza mtundu wathu. Gawo 70 la Penal Code limati kunyoza anthu chifukwa cha mtundu wawo kapena kumene amachokera ndi mlandu wofika zaka 2. Ndinasunga mawuwo pa kompyuta yanga, ndipo pa wailesi panapita mayi wodandaula za mtengo wa basi ya ku Chelstone.

Lachisanu abwana anaitanitsa msonkhano. Talemba ma DJ atsopano awiri, ndiye akufuna mndandanda wa mawu oletsedwa umatidwe pa khoma la situdiyo. Tinakhala pansi anthu olankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi, pepala lili pakati, cholembera chili m'manja mwa mtsikana wa pa risepishoni. Panapita nthawi palibe wotchula kanthu. Aliyense ankayang'ana ine, ine ndikuyang'ana bambo wa zamaakaunti amene ali ndi imvi. Mawu a Chingelezi okha ndi amene analembedwa msangamsanga, anthu akuthandizana masipelo. Athu anayamba kuyenda pa timapepala topinda, wina akulemba chilembo choyamba ndi madontho, mnzake akugwedeza mutu kuti wamva.

Maganizo a mndandandawa ndi obwereka. Ku America mlandu wokhudza mawu 7 osayenera kuulutsidwa unafika ku khoti lalikulu mu 1978, ndipo kumeneko zolaula zimaloledwa pa wailesi kuyambira 22 koloko mpaka 6 koloko m'mawa. Ku Britain ma TV amadikira 21 koloko. Abwana anati nafenso tichite chimodzimodzi, ikakwana 22 koloko ma DJ amasuke. Ndinawafunsa kuti ana a ku Kanyama ndi ku Chibolya amagona kuti nthawi imeneyo. Lamulo la maola linapangidwira nyumba imene mwana ali ndi chipinda chake ndi chitseko chake. Omvera athu ambiri amagona chipinda chimodzi, katani pakati, wailesi ikulira kumutu kwa bambo, ana ali maso pansi pa tebulo.

Chachiwiri chimene ndinanena n'chakuti mawu amene ndimaopa kwambiri sanalembedwe pa pepalalo, ndipo palibe amene anawaganizira chifukwa ndi oyera. "Mfiti" si liwu lolaula, mutha kulinena m'tchalitchi. Koma woimba foni akanena kuti agogo akuti a mu msewu wakuti ndi mfiti, mawa nyumba yawo igendedwa, ndipo n'chifukwa chake lamulo la Witchcraft Act limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. "Hule", "wakuba", "wodwala uja", zikaphatikana ndi dzina ndi komboni, zimapweteka munthu weniweni amene ali ndi ana opita kusukulu mawa. DJ wongoloweza mndandanda adzadula mnyamata wonena "fuseki" moseka, n'kusiya mayi waulemu, wolankhula Chichewa chosalala, akupha mnzake wa pa lendi masana dzuwa likuswa mtengo. Mndandanda unamatidwabe, poti abwana ndi abwana, koma anavomera kuti ma DJ atsopanowo akhale nane kuseri kwa galasi mwezi wathunthu asanapatsidwe batani.

Usiku wake tinali ndi pulogalamu ya zachikhalidwe. Ndinali ndi mawu amene mnzathu anajambula kumudzi nthawi ya Kulamba, mwambo wa Achewa umene umachitika ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa Ogasiti, pamene mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Mwa zojambulazo munali nyimbo za gule za m'midzi yozungulira. Aliyense wokulira kwathu akudziwa kuti pa bwalo pamaimbidwa zina zimene sizinenedwa kwina kulikonse, amayi akuyankha mokweza, ndipo mawa lake anthu omwewo amapatsana moni mogwada osakumbutsana. UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005, koma sindikhulupirira kuti onse oombera m'manja kumeneko anamasuliridwa nyimbo zonse. Ndinali nditakonza imodzi, nditadula mizere iwiri mosamala, ndipo ndinaiseweretsa kwa mlendo wathu, mkulu wina wa kwathu amene amakhala kwa mwana wake ku Kaunda Square, tisanalowe mu situdiyo.

Anamvetsera maso ali otseka. Itatha anati, "Mwana wanga, wachita bwino kundimvetsa ndisanalowe. Iyi usaike."

"Agogo, zoipazo ndachotsamo."

"Ndani wakuuza kuti n'zoipa? Zili ndi bwalo lake, zili ndi tsiku lake, zili ndi eni ake. Iweyo wazichotsa pa bwalo, ndiye wayamba kuziona zoipa. Ukaidula wainamizira, ukaiika yonse waivula. Ika ina."

Ndinaika ya chitelele, iwo n'kufotokoza za kulamba ndi za mitulo, pulogalamu inatha bwino.

Loweruka sindigwira ntchito, koma ndinaitanidwa ku kitchen party ya mwana wa mnzanga ku Chilenje. Amene simunafikeko ku Lusaka, umenewu ndi mwambo wa amayi okhaokha wolangiza ndi kupatsa mphatso mtsikana amene akukwatiwa, ndipo ng'oma zikafika pena pake, alangizi amaimba ndi kuvina zinthu zimene batani langa lingatope nazo. Palibe amene amachita manyazi, chifukwa onse m'menemo ndi amayi ndipo akudziwa chimene abwerera. Chasintha masiku ano ndi mafoni. Mtsikana mmodzi akangokweza foni, zimene zinali za m'chipinda zili pa TikTok dzuwa lisanalowe, amuna a ku ofesi kwa mkwatibwi akuonera, apongozi ake aamuna akuonera.

Mlangizi wamkulu atandiona anati, "Inu a pawailesi, si ndinu odziwa kudula? Imani pakhomo apo ndi dengu." Ndinaima, chitenje chili m'chiuno, ndikutolera mafoni. Atsikana ena anakana, ati akufuna zoika pa masamba awo, ndipo mayi wina wochokera ku Ndola anabisa yachiwiri m'bulauzi mpaka inalira yokha. Vuto lalikulu linali wojambula vidiyo amene banja linamulipira, poti anali mwamuna. Anati analipidwa tsiku lonse ndipo sangasiye kamera yake ndi munthu wina. Alangizi anati ajambule polowa mkwatibwi, ajambule mphatso, ajambule keke, koma ng'oma zikasintha atuluke iye ndi kamera yake yomwe. Anakangana mpaka azakhali a mkwatibwi anabwera kudzagamula. Ng'oma zitasintha anamupatsa mbale ya mpunga ndi nkhuku, Fanta m'manja, akadyere m'galimoto kunja kwa geti, ndipo ine anandiuza ndikhale pa windo loyang'ana kumeneko kuti asabwerere msanga.